Kuwerenga kukakanika ku yunivesite: poyambira ndi pati?

Pali sabata ina yake m'semesita yoyamba, kawirikawiri yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, pamene chimwemwe cha kusankhidwa chimakhala chazilala. Zithunzi za pageti munajambulitsa kale, achibale anasiya kuimba mafoni okuyamikirani, kandalama kamene munachoka nako kunyumba katsala pang'ono kutha, ndipo mayeso oyamba abwera ndi malikisi amene simunawaonepo chibadwire. Mwakhala pabedi, kope lili pamiyendo, tsamba lomwelomwelo mwalipenya ola lathunthu koma palibe chalowa. Mesho wanu, mnzanu wogona naye chipinda chimodzi, wagona. Magetsi azima. Mumtima mukungodzifunsa kuti, "Kodi ndine yemwe uja ndinakhoza bwino MSCE, kapena anandisankha molakwitsa?"

Sanalakwitse ayi. Ine sabata imeneyi ndinaidutsa, ndipo chaka changa choyamba ndinalemba sapu, mayeso achibwereza amene amapatsa munthu akalephera kosi, ndili munthu amene kusekondale ankandiloza chala kuti ndi wanzeru. Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala pansi ndi achimwene ndi achemwali ambiri amene afika pamalo omwewa, ena a ku UNIMA ku Zomba, ena a ku MUBAS ndi KUHeS, ena a ku Bunda, ku Mzuni ndi ku MUST. Chimene ndaona n'chakuti mtima wofuna kuwerenga sitiudikira ngati mvula yobzalira. Umabwera pambuyo, munthu akadya, akagona, akayamba kugwira kantchito kakang'ono n'kuona kuti kakubala kanthu. Ndiye zimene ndalemba apazi n'zokonza munda kuti mtimawo upeze pomera.

Choyamba: litchuleni dzina vuto lanu

Ife timafulumira kunena kuti ndi ulesi. Makolo amatero, malekichala ena amatero, ndipo mwini wakenso amayamba kudzitcha waulesi. Koma munthu amene ankadzuka 4 koloko m'mawa kuwerengera pa kandulo ali Folomu 4 sangasanduke waulesi m'miyezi iwiri. Pali china chimene chalowa.

Tengani pepala, mulembe moona mtima zimene zimachitika mukati muwerenge. Kodi ndi njala? Kodi ndi nkhawa ya lendi kapena fizi? Kodi mumatsegula buku n'kupeza kuti Chingelezi chake n'cholimba, ndiye mukungothawa manyazi a kusamva? Kodi kosi imene mukuchita si imene munkaifuna? Kodi kunyumba kuli matenda kapena mkangano? Kapena mumawerenga ndithu maola ambiri koma malikisi sakusonyeza? Lililonse la mavuto amenewa lili ndi mankhwala akeake, ndipo kumwa mankhwala a malungo pamene chakuvutani ndi dzino n'kungotaya nthawi.

Akatswiri awiri a zamaganizo a ku yunivesite ya Rochester ku America, Edward Deci ndi Richard Ryan, anatha zaka zambiri akufufuza chimene chimachititsa munthu kugwira ntchito ndi mtima wake wonse. Iwo amati pamafunika zinthu zitatu: munthu azimva kuti chimene akuchita ali ndi mbali pochisankha, azimva kuti akuchitha kapena akupita patsogolo, ndipo azimva kuti ali ndi anthu amene ali naye limodzi. Taonani mmene chaka choyamba chimaphwanyira zonse zitatu nthawi imodzi. Kosi mwina anakusankhirani, malikisi agwa, ndipo anzanu a kusekondale abalalika. N'zosadabwitsa kuti mtima wafooka. Yang'anani papepala lanu lija muone kuti mwa zitatuzi chimene chagumuka kwambiri n'chiti, chifukwa poyambira ndi pamenepo.

Chachiwiri: mimba ndi pogona

Sindingakuuzeni za njira zowerengera ndisananene za nsima. Wophunzira amene wadya chigumu chimodzi kuyambira m'mawa sangamve lekichala ya 2 koloko masana, ngakhale atakhala wanzeru chotani. Malo ogona a pasukulu ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ophunzira, choncho ambiri amachita lendi kunja, ku Chikanda, ku Luwinga, cha ku Goliati kapena m'makomboni a mu Blantyre, ndipo chilichonse amadzigulira okha. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomwe inkafikitsa munthu kumapeto a mwezi inayamba kuthera pakati.

Ndalama ikangofika, kaya ndi ya makolo, ya ganyu kapena ya ngongole, tsiku lomwelo lipirani lendi, mugule ufa, nyemba, soya, usipa kapena bonya, mafuta, mchere ndi makala a mwezi wonse. Yotsalayo igaweni m'masabata anayi, ndipo ya sabata yamawa musaikhudze. Ndalama yokhala mu Airtel Money kapena Mpamba imatuluka mosamveka, lero bandulo, mawa tchipisi cha pachiwaya, mkuja kabaza, n'kupeza yatha musanagule ufa.

Phikani pamodzi ndi anzanu awiri kapena atatu odalirika. Mphika umodzi umapulumutsa makala ndi nthawi, komanso tsiku limene inu mulibe, mnzanu amakunyamulani.

Ngati kwanu n'kosowa, musachite manyazi kufunsira ngongole ku bungwe la HESLGB, limene boma linakhazikitsa ndi lamulo la mu 2015 kuti lizithandiza ophunzira osowa a m'sukulu za ukachenjede. Tsatirani zilengezo zawo, konzeranitu mapepala amene amafuna, ndipo musadikire tsiku lotseka pamene aliyense akulimbirana intaneti. Kumbukiraninso kuti ndi ngongole, mudzabweza mukamaliza, ndipo kubweza kwanuko n'kumene kudzaphunzitse ena. Zinthu zikafika pothina, pitani ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, kwa a Dean of Students, mukafotokoze. Kumeneko n'kumene amadziwa za mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino amene amathandiza, ndipo sangakuthandizeni ngati sakudziwa kuti mulipo.

Zinthu ziwiri zithaweni ngati moto: katapila ndi kubetcha pa mpira. Ndinaona mnyamata wina wakhama ndithu amene anayamba ndi kandalama ka sopo, akuti angoyesa mwayi. Pofika pakati pa semesita, foni yake inali pa chikole, ndipo m'kalasi maso ake ankakhala pa zigoli za timu za ku Ulaya osati pa bolodi. Kubetcha kumadya ndalama, koma choopsa kwambiri n'chakuti kumadya maganizo. Munthu amene akudikira chigoli sangawerenge.

Chachitatu: siyani kuwerenga ngati muli Folomu 4

Apa ndichedwapo, chifukwa ambiri amagwera pano ndipo sadziwa n'komwe.

Kusekondale tinazolowera kuti aphunzitsi alemba manotsi pabolodi, ife tikopera, kenako tiwerenga mobwerezabwereza mpaka talowezeratu. Njira imeneyi inatiolotsa pa mayeso a MANEB chifukwa zinthu zinali zochepa ndipo tinali ndi zaka ziwiri zozibwereza. Ku yunivesite, zimene munkaphunzira teremu yonse lekichala amazidutsa m'masabata awiri, ndipo pamayeso safunsa kuti "tchulani", amafunsa kuti "fotokozani chifukwa chake", "yerekezani", "gwiritsani ntchito pa vuto ili". Woloweza amafika m'chipinda cha mayeso mutu uli wodzaza, n'kupeza kuti funso silikufanana ndi chiganizo chilichonse chimene analoweza.

Kuwerenga mobwereza kuli ndi chinyengo chake. Ukaliona tsamba kachitatu, maso amalizolowera, ndipo mtima umati "izi ndikuzidziwa". Koma kuzindikira nkhope ya munthu pamsika n'kosiyana ndi kukumbukira dzina lake. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University mu mzinda wa St. Louis anapatsa ophunzira nkhani zifupizifupi zoti awerenge. Ena anawauza kuti awerengenso, ena anawalanda nkhaniyo n'kuwapatsa pepala lopanda kanthu kuti alembe zonse zimene akukumbukira. Atawayesa patangopita mphindi 5, owerenga mobwereza aja anachita bwino. Koma atawayesa patapita sabata, amene ankadziyesa papepala lopanda kanthu ndi amene anakumbukira zambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti obwereza aja ndi amene ankadzidalira kwambiri kuti adzakumbukira. Mayeso anu sabwera patapita mphindi 5, amabwera patapita miyezi.

Ndiye chitani chonchi. Mukatuluka m'kalasi, tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, khalani pansi mphindi 15 kope lili chitsekere. Pa pepala loyera lembani zimene lekichala ananena, mfundo zikuluzikulu, zitsanzo, chithunzi chimene anajambula. Mudzapeza kuti mukukumbukira zochepa kuposa mmene mumaganizira, ndipo zimenezi zimawawa. Musathawe kuwawako, chifukwa n'kumene kukusonyeza kuti ubongo ukugwira ntchito. Kenako tsegulani kope, muone zimene munaphonya, muzilembe ndi cholembera chofiira. Zofiirazo ndiye ntchito yanu, osati tsamba lonse.

Bwerezani zomwezo pakapita masiku 2 kapena 3, kenako pakapita sabata, kenako pakapita mwezi. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza kalekale mu 1885, podziyesa yekha ndi timawu topanda tanthauzo, kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyambirira munthu akangophunzira chinthu, kenako kumayenda pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mphindi 15 za tsiku lomwelo n'zofunika kwambiri. Zili ngati kupalira: udzu ukadali wanthete khasu limangodutsa, koma ukaulekerera mpaka Febuluwale umalimbana ndi tchire.

Njira ina imene inandithandiza kwambiri ndi iyi: fotokozani mfundoyo m'Chichewa, kapena m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'chiyankhulo chimene mumalotera, ngati mukuuza agogo anu kapena mng'ono wanu wa Sitandade 8. Ngati mukuphunzira za kukwera mitengo kwa zinthu, afotokozereni agogo chifukwa chake thumba la feteleza lakwera pamene chimanga chawo sichinakwere mofanana. Ngati ndi za kayendedwe ka magazi, fotokozani ngati mukulongosola mipope ya madzi ya m'tauni. Pamene lilime lakakamira, n'kuyamba kubwereza mawu a Chingelezi a m'buku osatha kuwamasula, dziwani kuti pamenepo simunamve, mwangoloweza. Bwererani pomwepo.

Kwa a masamu, uinjiniya, akaunti ndi sayansi: kuyang'ana chitsanzo chimene lekichala wasova si kuphunzira. Phimbani yankho, musove nokha, mulakwitse, mupeze pamene mwapatukira. Ndipo musasove mafunso a mtundu umodzi okhaokha motsatizana. Sakanizani a mitu yosiyana, chifukwa pamayeso funso silibwera litalembedwa pamphumi kuti ndine wa mutu wachitatu. Luso lenileni ndi kuzindikira kuti funso ili likufuna njira iti.

Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo apezeni kumayambiriro kwa semesita, osati sabata yomaliza. Ku laibulale amakhalako, ndipo makonti, anzanu a zaka zapamwamba, amakhala nawo m'mafoni. Cholinga si kulosera mafunso, koma kuona mmene kosiyo imafunsira, kuti muziwerenga muli ndi mafunso m'mutu.

Mwina mukudabwa kuti zonsezi zikukhudzana bwanji ndi mtima wofooka uja. Zikukhudzana kwambiri. Munthu amene Lolemba anakumbukira mfundo zitatu papepala loyera, Lachinayi n'kukumbukira zisanu ndi ziwiri, waona ndi maso ake kuti akusuntha. Palibe mawu olimbikitsa amene amaposa zimenezo.

Chachinayi: nthawi, malo ndi foni

Musalembe ndondomeko yokongola ya maola 10 patsiku, chifukwa idzafa Lachiwiri ndipo idzakusiyani mukudziona wolephera. Yambani ndi zochepa koma zotchulika bwino. "Mawa ndiwerenga" si pulani. "Mawa ndikatuluka m'kalasi ya 10 koloko, ndipita ku laibulale, tebulo la pakona, ndikasova mafunso 5 a mutu wachiwiri" ndiye pulani. Mukatchula nthawi, malo ndi ntchito yake, simutayanso mphamvu kukambirana ndi mtima wanu ngati mupite kapena ayi.

Tsiku limene thupi likukaniratu, dziuzeni kuti mungochita mphindi 10 basi. Nthawi zambiri chovuta ndi kuyamba, ndipo mukayamba mumapitirira. Zikakanika ndithu, mphindi 10 zomwezo zasunga chizolowezi.

Maola a pakati pa makalasi ndi chuma chimene ambiri amachimwaza pocheza pansi pa mtengo. Masana kuli kuwala kwaulere, laibulale ndi yotsegula, intaneti ya pasukulu ilipo. Wokhala kunja kwa kampasi amene amasungira kuwerenga konse usiku akudalira magetsi amene sangawalamulire, komanso phokoso la mabala ndi mawailesi a aneba. Malizani zolemera dzuwa likadalipo, ndipo mabuku ndi manotsi a pa intaneti akopereni mufoni kapena pa laputopu mukadali pasukulu.

Foni ikakhala patebulo, ngakhale itagona chafufumimba, theka la maganizo anu lili pomwepo. Iikeni m'chikwama, muzimitse data. Ngati manotsi ali mufoni momwemo, tsekani WhatsApp, TikTok ndi Facebook kufikira mutamaliza. Gulu la WhatsApp la kalasi lionereni nthawi ziwiri kapena zitatu patsiku, sipadzapsa kanthu.

Ndipo gonani. Kuchezera usiku wonse mayeso ali mawa, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, ena amakuona ngati chamuna, koma ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu ali m'tulo. Wogona maola 7 atawerenga pang'ono tsiku lililonse amalowa m'mayeso mutu uli wopepuka, pamene wochezera amawerenga funso katatu osalimva.

Chachisanu: funsani, ndipo musayende nokha

Amene tinachokera ku sukulu zoyendera za m'midzi, ma CDSS, timafika ndi mantha ena ake. M'kalasi muli anzathu a ku sukulu zotchuka amene Chingelezi chimangoterereka pakamwa, amene laputopu anayamba kuigwira ali ana, pamene ife kompyuta taikhudza koyamba chaka chomwechi. Ndiye umakhala kumbuyo, funso lili pakhosi, koma ukuopa kuti ukalakwitsa mawu anthu aseka. Ine ndinakhala chete semesita yathunthu chifukwa cha mantha amenewa, ndipo ndi amene anandifikitsa ku sapu.

Mvetsani ichi: kuyankhula Chingelezi mothamanga si kumva phunziro. Pofika chaka chachitatu, kusiyana kwa sukulu zimene munachokera kumakhala kutafufutika, chotsala ndi amene ankagwira ntchito ndi amene sankagwira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati kufunsa pagulu kukukuvutani, lembani funso papepala, mumutsatire lekichala akamatuluka kapena mupite ku ofesi yake pa nthawi imene anaika yoonana ndi ophunzira. Musapite n'kukanena kuti "sindikumva chilichonse", chifukwa pamenepo ngakhale wofuna kukuthandizani amasowa pogwira. Nenani kuti, "Pepani adokotala, ndasova mpaka apa, koma kuchoka pa mzere uwu kufika apa ndasokonezeka." Malekichala ambiri, ngakhale amene amaoneka oopsa m'kalasi ya anthu mazana, amasangalala ndi wophunzira wobwera ndi funso lotere.

Chingelezi chimakula ndi kuwerenga ndi kulemba, palibe njira yachidule. Werengani nyuzipepala, nkhani, chilichonse cholembedwa bwino, tsamba limodzi kapena awiri patsiku, ndipo kosi ya chaka choyamba yophunzitsa kulemba ndi kuyankhula musaitenge ngati yongodutsa.

Pezani gulu la zokambirana la anthu atatu, anayi, osapitirira asanu. Likakula limasanduka msonkhano. Lamulo likhale lakuti aliyense abwere atawerenga kale ndipo abwere ndi mafunso ake. Muzisinthana kuphunzitsa, chifukwa amene akufotokoza ndi amene akupindula kwambiri. Gulu limene munthu mmodzi amangolalikira ena n'kumakopera likuthandiza mmodzi yekhayo. Ndipo gulu limene mphindi 40 zoyamba zimathera pa mpira ndi zibwenzi, tulukanimo mwaulemu, anthuwo akhale anzanu ocheza nawo Loweruka.

Kwa achemwali makamaka, ngakhale anyamatanso zimawagwera: wina aliyense, kaya ndi lekichala kaya wogwira ntchito mu ofesi, akayamba kukufunani zachisembwere posinthana ndi malikisi kapena thandizo, dziwani kuti ndi mlandu. Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa nkhanza zotere. Sungani mauthenga ake, uzani munthu amene mumamukhulupirira, ndipo kanene ku ofesi yoyenera. Musasenze nokha chinthu chimene si inu munachiyamba.

Chachisanu ndi chimodzi: kosi imene simunaifune

Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndiye pa chisankho chimene bungwe la NCHE limayendetsa si onse amapeza kosi ya kumtima kwawo. Wina ankalota udokotala wapezeka ku zauphunzitsi, wina ankafuna zamalamulo wapezeka ku zaulimi. Enanso kosi anawasankhira ndi malume amene akulipira fizi. Kudzuka m'mawa kupita ku kalasi imene sunaifune n'kolemetsa, ndipo sindikuuzani kuti mungosekerera.

Funsani msanga ku ofesi ya kaundula ngati pali mwayi wosintha ndi zimene amafuna, chifukwa nthawi yake imakhala yochepa ndipo kawirikawiri amayang'ana malikisi. Apa pali chinthu chofunika kuchiona: kulephera dala kosi imene muli sikukutsegulirani khomo la imene mukufuna, kumangotseka onse awiri.

Ngati kusintha kwakanika, ipatseni kosiyo mwayi wachilungamo. Pezani munthu amene anaimaliza ndipo akugwira ntchito, mumufunse zimene amachita tsiku ndi tsiku. Fufuzani pamene kosiyo ikukhudza moyo wa kwanu: wa zaulimi aganize za munda wa mayi ake umene chaka chilichonse ukuchepa zokolola, wa zauphunzitsi akumbukire sukulu yake imene inalibe mphunzitsi wa Physics. Chidwi nthawi zambiri chimabwera munthu akayamba kuchidziwa chinthu mozama. Zimene sitizidziwa zimaoneka zosakoma zonse. Ndipo pamene muli ndi ufulu wosankha, monga mutu wa asayimenti, kosi yowonjezera kapena kafukufuku wa chaka chomaliza, sankhani chokukomerani inuyo, osati chimene anzanu akuti n'chophweka.

Chachisanu ndi chiwiri: asayimenti

Werengani pepala la ndondomeko ya kosi limene amapereka sabata yoyamba. Limanena kuti maasayimenti ndi mayeso a pakati ali ndi malikisi angati, ndipo mudzapeza kuti ndi gawo lalikulu ndithu. Wolowa m'mayeso omaliza ali ndi malikisi abwino a m'kati amalemba mtima uli m'malo.

Tsiku limene mwapatsidwa asayimenti, chitanipo kanthu ngakhale kakang'ono: lembani funsolo m'mawu anuanu, pezani buku limodzi. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo usiku womaliza ndi umene magetsi amazima, makina osindikizira amafa, laputopu yobwereka mwini wake amaifuna.

Za ChatGPT ndi zinzake ndinene mosabisa. Kuifunsa kuti ikufotokozereni mfundo yovuta m'mawu osavuta, kapena kuti ikufunseni mafunso oyeserera, kungathandize, bola muzitsimikiza m'buku chifukwa imalakwitsa molimba mtima ndipo imatha kupeka ngakhale maina a mabuku amene kulibe. Koma kuilembetsa asayimenti yonse n'kudzibera nokha. Kupatula chilango cha kubera mukagwidwa, m'chipinda cha mayeso mudzalowa nokha, ndipo kuntchito wodwala kapena mlatho sudzadikira kuti mufunse foni.

Pepala likabwerako, musangoyang'ana nambala n'kulipinda. Werengani ndemanga zofiirazo, ndipo ngati palibe, kafunseni kuti mukanachita chiyani kuti mukhoze bwino.

Zikavuta ndithu

Pali kufooka kwa masiku awiri, ndipo pali kwina kumene kumakhalitsa. Ngati padutsa masabata awiri kapena kuposa mukungodzimva wopanda pake, tulo tasowa kapena mukungogona usana wonse, chakudya sichikulowa, zimene munkazikonda sizikukukomeraninso, mwayamba kudzitsekera m'chipinda kapena kuthawira ku mowa ndi chamba, limenelo si vuto la ndondomeko ya kawerengedwe. Ndi matenda a maganizo, ndipo amachizika ngati ena onse. Pitani kwa mlangizi wa pasukulu, ku kiliniki, kapena yambani ndi abusa, ansembe, shehe kapena mnzanu wapamtima kuti akuperekezeni. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo, musadikire kuti kuche. Ife amuna tinaleredwa kuti mwamuna salira, ndipo mawu amenewa atipweteketsa ambiri. Inunso mukaona mesho wanu wasintha, sakudzuka, sakusamba, sakuyankhula, musangoti ndi mmene alili. Khalani naye pansi mumufunse.

Ndipo ngati zotsatira zatuluka, dzina lanu lili pa sapu kapena mwauzidwa kubwereza, ndikudziwa mmene mimba imatenthera. Umaganiza za mayi amene anagulitsa mbuzi, za mudzi wonse umene unakuperekeza pa siteji, za mawu oti "kuwidwa", kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera, amene aliyense amawanong'ona. Lirani ngati misozi yabwera. Kenako auzeni makolo kapena amene amakulipirirani, inuyo nokha, asanamve kwa ena. Kubisa kumawonjezera katundu, ndipo ndaona ena akunamizira kupita kusukulu chaka chathunthu chifukwa choopa chiganizo chimodzi.

Mukatero pitani kwa lekichala wa kosiyo kapena mkulu wa dipatimenti, mukafunse pamene munagwera ndiponso zimene malamulo a sukulu yanu amanena za sapu, kubwereza ndi kudandaula ngati mukuona kuti pali cholakwika pa malikisi. Malamulowa amasiyana sukulu ndi sukulu, choncho werengani a kwanuko, musadalire za m'maluwa. Funsaninso tsiku lenileni la mayeso musanakwere basi yopita kumudzi.

Popita kutchuthi nyamulani kope la kosiyo, mapepala a mayeso akale, ndi mapepala oyera okwanira. Kunyumba auzeni kuti m'mawa uliwonse, kuyambira 6 mpaka 8 koloko, musanapite kudimba kapena kumsika, muli ndi ntchito ya sukulu. Yambani ndi mutu umene munauthawa semesita yonse, buku lili chitsekere.